Sellina Anasudzulidwa pa Foni

Sellina ndinkagona naye chipinda chimodzi ku Fereej Bin Omran, kudziko la Aluya kuno, bedi lake pansi, langa pamwamba. Ankayala mabedi pa hotela ina ku The Pearl, ndipo zaka zisanu za ntchito imeneyo zinasanduka nyumba yamalata ku Mponela. Vuto la mnzangayu linali ulemu wopitirira muyezo. Nyumbayo anaimanga kwawo kwa mwamuna wake, a Grayson, poti anali pa chitengwa, ndipo ankauza aliyense kuti, "Abambo akunyumba ndiwo akumanga." Ngakhale malume ake enieni, a Overtone, ankadziwa choncho.

Ndinkamukalipira. "Iwe, abale ako uwauze zoona. Mulembe wilo, kapena kapepala chabe, musayine nonse." Iye ankangoseka, ati kulemba wilo n'kuitana imfa, ndipo mwamuna sumuchititsa manyazi pagulu.

Mu Januwale 2021 korona inawatenga a Grayson. Kumaliro sanapite. Ndege zinali zovuta, kwarantini nayonso, ndiye abwana ati ukachoka tiika wina. Ankalirira m'bafa, kuopa kudzutsa anzathu a ku Nepal ogona masana.

Patatha miyezi itatu, abale a malemu anaitanitsa mwambo wosudzula, uja womasula mkazi wamasiye ndi kugawa katundu. Kumudziko anaika foni pampando, ife tikuonera kuno pa vidiyo. Sellina anafunda chitenje n'kukhala pansi pa matailosi, atazyolika. Pamwambo wotere wamasiye salankhula, amamulankhulira ankhoswe, ndipo ankhoswe ake anali a Overtone omwewo.

Mchimwene wa malemu, a Everson, anaimirira n'kunena kuti nyumba ndi thukuta la m'bale wawo, ili pa dothi lawo, choncho ikhala ya banja. Mlamu atenge ziwiya ndi zovala zake. A Overtone anavomera ndi mtima woyera, mpaka kuthokoza. Akanakana bwanji zomwe sankazidziwa?

Ine mtima unawira. Ndinamutsina Sellina pantchafu. Kenaka nkhope ya a Everson inadzaza foni yonse.

"Alamu, pali mawu?"

Sellina anadzutsa mutu n'kuyang'ana pafoni. Kunena zoona kunali kuvula mwamuna wake ali m'manda, apongozi ake akumva.

"Palibe, alamu. Zikomo."

Foni itadulidwa, ndinamuuza kuti kwathu kuli makhoti, amasiye samangolandidwa chonchi. Iye anangoti, "Khalas, zatha," n'kuvala yunifomu kupita kuntchito. Ndinatha sabata osamulankhula, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Chaka chotsatira maulendo anatseguka. Malamulo nawonso anali atasintha, munthu unkatuluka m'dziko osagwadira abwana. Tonse tinathamangira matikiti. Sellina anapatsidwa tchuthi cha mwezi wathunthu, koma tsiku lomwe ndinkamanga katundu wanga, iye anangokhala pabedi kumandipindira zovala.

"Nanga iwe sukupita?" ndinamufunsa.

"Ndikafikira kuti?"