Mchombo Wanga ndi Mkazi wa Mfumu ya ku Mangalande

Amayi a kutchalitchi amene munkandibweretsera chakudya nditatuluka m'chipatala, ndinakunamizani. Ndinakuuzani kuti matendawa anangondigwera mwadzidzidzi. Sanandigwere mwadzidzidzi ayi. Ndinakhala nawo pafupifupi chaka chathunthu, ndikumawamanga ndi chitenje m'mawa uliwonse, ngakhale amuna anga, bambo a Tadala, osadziwa kanthu. Ndalemba izi kuti wina asadzachite zomwe ndinachita ine.

Chizindikiro choyamba ndinachiona mu Ogasiti, patapita milungu yochepa nditabereka Mayeso, mwana wathu wachiwiri. Ndikusamba ndinaona kuti pa mchombo patuluka kachotupa kofewa, kakang'ono ngati suku. Sikankapweteka. Ndikagona chagada kankalowa kokha, ndikatsokomola kapena kunyamula mwana kankatulukanso.

Nthawi imeneyo amayi anga anali nafe kuno ku Perth, atabwera kuchokera ku Dedza kudzandisamalira m'chikuta. M'mawa uliwonse ankandimanga mimba ndi chitenje, monga timachitira kwathu mkazi akabereka, kuti mimba ibwerere m'malo mwake. Ankakoka mpaka mpweya kundithera, uku akundiseka kuti ndafewa ndi moyo wa kunja. Nditawaonetsa kachotupako anakadina ndi chala, kanalowa, ndipo anati mimba ndiyo sinabwererebe, ndizingomanga. Anandiuza zomwe ankadziwa. Pobwerera kumudzi anandisiyira chitenje chawo chobiriwira.

Chaka chimenecho ndi chomwe migodi ya kumpoto inayamba kuchotsa anthu. Bambo a Tadala, amene ankagwira ntchito ku migodiko ndipo tinali titazolowera kuwaperekeza ku ndege n'kukawalandiranso, anabwera tsiku lina ndi katundu wawo yense. Anapeza ntchito ku Kwinana, dera la mafakitale kufupi ndi kuno, koma ya mtundu woti sabata ino akuitana, yamawa ali chete. Ndiye mu Januwale ine ndinatenga setifiketi yanga ya kusamalira okalamba n'kukayamba ntchito pa nyumba ina ya okalamba pafupi ndi mtauni. Ntchito yake ndi yodzutsa anthu pa bedi, kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwakankha pa njinga ya olumala. Polembedwa anandifunsa ngati pali vuto lililonse londiletsa kunyamula. Ndinati palibe. Pansi pa yunifomu chitenje chinali chili gwa.

Si ntchito yokha yomwe inanditseka pakamwa. Ine ndine wamantha chibadwire. Mwana akangotentha thupi pang'ono ndimathamangira kwa dokotala, koma za ine mwini ndinkaopa kumva mawu akuti opaleshoni. Ndinkaganiza kuti akandigoneka sindidzadzukanso, ndipo Tadala ndi Mayeso adzakula opanda mayi kudziko la eni. Choncho ndinasankha kusadziwa.

Kuntchitoko kunali Mayi Wilmot, obadwira ku Mangalande, amene kale ankaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale. Maso awo anali atachita khungu, koma mutu unali wakuthwa, pakamwanso chimodzimodzi. Tiyi akazizira pang'ono ankakubwezera. Anzanga ankawathawa. Dzina langa loti Chimwemwe linawakanika, ankangoti Chim. Tikatha chakudya cha masana ankandiuza kuti ndiwawerengere buku lawo lalikulu, lachikuto chothetheka, lonena za mkazi wa mfumu ina ya kwawo, wa zaka pafupifupi mazana atatu zapitazo. Ndikatchula molakwika dzina la malo ankandibweza mpaka ndilikhoze.

Pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kumukonda mkazi wa mfumuyo. Anabadwira ku Jeremani, ndipo anafika ku Mangalande ngati mlendo, chifukwa cha banja. Posamuka anasiya mwana wake woyamba kwawo akadali wamng'ono, ndipo pomwe ankadzakumananso mwanayo atakula, anali ngati anthu osadziwana, sanagwirizanenso. Mwamuna wake atakangana ndi bambo ake, apongozi akewo anamulanda ana ena n'kuwasunga ku nyumba yawo. Anali mayi wanzeru, wokonda mabuku, moti mfumu ikapita ulendo dziko ankaliyang'anira ndi iyeyo. Ine, amene ndinkasiya Mayeso akulira m'manja mwa mayi wina wa ku Chipata m'mawa uliwonse, ndinkamumvera chisoni ngati munthu wa pa nyumba yoyandikana nayo.

Pofika mu Marichi chotupa chija chinali chitakula ngati dzira. Shifiti ikamatha ndinkamva kukoka kuchokera pa mchombo kukafika ku msana. Ndinkadzimbidwa kawirikawiri, nthawi zina nseru. Pochibweza ndinkayenera kugona pansi n'kuchidina ndi manja awiri mpaka ndimve kulira kwa m'mimba. Ndinkachitira zimenezi m'bafa, chitseko chili chokhoma. Chomvetsa manyazi n'chakuti ku koleji anatiphunzitsa kuti tikaona kachotupa kalikonse pa thupi la wokalamba tizinena tsiku lomwelo, ndipo ine ndinkanenadi.

Mu Meyi tinafika kumapeto kwa bukulo. Maso anga anatsogola pakamwa, ndipo ndinaona zomwe zinali kubwera. Mkazi wa mfumu uja, atabereka mwana wake womaliza, khoma la mimba linang'ambika pa mchombo. Anabisa zaka zoposa khumi. Mfumu inkadziwa, koma iye anali atailetsa kuti isadzatchule kwa aliyense. Tsiku lomwe anagwa, madokotala anataya masiku akumumwetsa mankhwala otsegula m'mimba ndi kumuchotsa magazi, chifukwa sankadziwa pomwe pali vuto. Pomwe mfumu inaulula, nthawi inali itatha. Anamucheka ali maso, ndipo anamwalira patapita masiku akuvutika.

Ndinagwira masamba angapo pamodzi, kuwatembenuza mwakachetechete, n'kuyamba kuwerenga za maliro.

"Chim, wadumpha," anatero Mayi Wilmot. "Nkhani imeneyi ndinkaiphunzitsa iwe usanabadwe."

Ndinati masamba anamatirirana. Iwo anandiuza kuti kuyambira kale, ndikamawadzutsa pa mpando, dzanja lawo limakhudza mfundo ya nsalu m'chiuno mwanga, ndipo amandimva ndikubanika. Anati maso ndi amene anafa, makutu ndi zala zilipo. Ndinawayankha kuti kumanga mimba ndi mwambo wa kwathu mkazi akabereka. Anafunsa kuti mwanayo ali ndi miyezi ingati. Mumtima ndinkadziwa kuti ngakhale ku Dedza palibe amene amamanga mimba mpaka mwana kuyamba kuimirira. Anandiuza kuti ndipite kwa dokotala sabata yomweyo.

Apa ndi pomwe ndimachita napo manyazi kwambiri. M'malo mopita kwa dokotala, ndinapita kwa otiyang'anira n'kuwapempha kuti andisinthe mbali, ndikunamizira kuti chipongwe cha Mayi Wilmot chanditopetsa. Palibe amene anakayika. Mwezi wathunthu palibe amene anawawerengera. Ndikamadutsa pa khomo la chipinda chawo ndinkanyang'ama kuti asamve mayendedwe anga.

Lachiwiri lina mu Juni, kukuzizira, ndinadzuka chotupacho chitauma ngati mwala. Ndinagona pansi, kudina, osalowa. Kuchikhudza kokha kunkapweteka. Ndinamanga chitenje cha amayi chija molimba kuposa masiku onse n'kukasiya ana. Nditatsika sitima mtauni ndinasanza m'chimbudzi cha pa siteshoni, koma ndinatsuka mkamwa n'kupitiriza. Kuntchito kunali kuchepa anthu tsiku limenelo, ndiye anandibwezera mbali yanga yakale. Ndinalowa m'chipinda cha Mayi Wilmot, kuwapatsa moni, iwo anangoti wabwera. Ndikuwerama kuti ndiwaveke nsapato, ululu unandidula pakati. Ndinasanza zobiriwira, n'kugwera pansi pafupi ndi mapazi awo.

Ndimakumbukira belu likulira osasiya. Mayi Wilmot anali atalidina osachotsa chala. Namwino atalowa anayamba kundifunsa ngati ndadya m'mawa, ngati ndili ndi pakati. Ine pakamwa pokha pankanjenjemera.

"Musataye nthawi," anatero Mayi Wilmot. "Mumasuleni nsalu ili pamimbayo. Ndi mchombo."

Mfundo inakana kumasuka, namwino anadula chitenjecho ndi sizasi. Ataona mmene chotupacho chinadera, anaitana ambulansi.

Ku chipatala sanandidikiritse. Anandiika diripu, anandijambula m'mimba, anandilowetsa kapaipi m'mphuno kotulutsa zomwe zinadzaza m'mimba. Dokotala wa opaleshoni, mayi wamtali wolankhula modekha, anandifotokozera kuti matendawa amawatcha heniya. Pa mchombo panali kabowo, thumbo linatulukira pamenepo, tsopano kabowoko kalikanikiza ndipo magazi sakufikako. Ku Kwinana mafoni amawasiya pa geti, choncho bambo a Tadala anamva uthenga pa nthawi yopuma. Anafika ali mu ovolosi yawo, nsapato zantchito zili ku phazi, pomwe dokotala ankandifunsa kuti chotupacho chinayamba liti. Ndinati chibadwire cha mwana. Amuna angawo anandiyang'ana, kenaka anayang'ana pansi.

Ndinadzuka madzulo, kukhosi kuli gwa. Anandiuza kuti kachigawo ka thumbo kanali katafa kale, anakadula n'kulumikiza. M'mawa mwake dokotala uja anadzandiona.

"Mukanabwera chikadali chofewa, bwenzi mutalowa m'mawa n'kukagona kwanu madzulo," anatero. "Mukanadikira mpaka lero, sindikudziwa ngati bwenzi tikulankhulana."

Ndinamufunsa za chitenje. Anati si chimene chinang'amba mimba, zimenezi zimachitika kwa amayi ambiri akabereka. Chitenje chinangothandiza kubisa.

Masiku oyamba sankandilola kudya, ankangondipatsa madzi onyowetsa milomo. Anamwino ankabwera maola angapo alionse kudzayeza kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo aliyense ankafunsa funso limodzi lomwelo, ngati ndatulutsako mpweya. Kwathu ndi nkhani yosatchulika pagulu, koma tsiku lomwe zinachitika namwino anasangalala ngati ndakhoza mayeso, chifukwa ndiye chizindikiro choti matumbo ayambanso ntchito. Ankandidzutsa kuti ndiziyenda m'khonde nditagwira chitsulo cha diripu. Ndili pafupi kutuluka thupi linatentha, bala linayamba kutuluka mafinya, anamasula ulusi pang'ono n'kundiyambitsa mankhwala ena. Ndinakhalanso sabata ina. Masana ambiri ndinkangoyang'ana pa zenera sitima zikulowa ndi kutuluka mtauni.

Bambo a Tadala sanandikalipire. Ndikanakonda akanakalipa. Tsiku lina akundipesa tsitsi anangoti, "Mayi a Tadala, chitenje chija ndinkachiona pa chingwe tsiku ndi tsiku. Ndinkangoti ndi zanu za azimayi, sindinafunse." Ankadziimba mlandu iwo, pa chinthu chomwe ine ndinawakhomera chitseko.

Kunyumba anandiletsa kunyamula chilichonse cholemera kuposa ketulo kwa milungu isanu ndi umodzi. Mayeso ankakwawira pa miyendo yanga, kukweza manja, ine n'kumangomusisita mutu. Anasiya kuyamwa ndili m'chipatala, ndipo sanabwererenso ku bere. Ntchito yomwe ndinkaiteteza ija ndinaijomba miyezi itatu, pomwe ndikanapita msanga bwenzi ili milungu yochepa.

Mu Seputembala ndinabwerera kuntchito, pa ntchito zopepuka. Ndinayamba ndi kukauza otiyang'anira kuti zomwe ndinanena za Mayi Wilmot zinali zabodza. Kenaka ndinalowa m'chipinda chawo, kutenga buku lija pa shelefu, n'kuwawerengera masamba onse amene ndinadumpha. Sanandifunse za bala. Anangondikonza dzina la dokotala wa mfumu kawiri, n'kundiuza kuti tiyi wazizira.

Panopa ndili bwino. Ndimadya chilichonse, ndimanyamula ana anga, chipsera chokha ndi chimene chimayabwa kukazizira. Mchombo ndilibe, pali mzere chabe. Amayi anzanga, mukaona chotupa pa mchombo kapena pena paliponse pa mimba mutabereka, ngakhale chisamapweteke, ngakhale chizilowa chokha, kaonetseni chikadali chofewa. Chikauma, kukana kulowa, inu n'kuyamba kusanza, musadikire kuti kuche kapena kuti shifiti ithe. Uzaninso munthu mmodzi, woti adzalankhule tsiku lomwe inu pakamwa padzakane.

Chatsala chimodzi. Mwezi watha mng'ono wanga Linda anabereka ku Dedza. Tikulankhulana pa foni ya kanema ndinaona amayi akumumanga mimba, akukoka ndi kuseka monga ankachitira ndi ine. Iwo ankadziwa zoti ndinachitidwa opaleshoni ya m'mimba basi. Ndinawauza zonse pomwepo, Linda akumva: za kachotupa komwe anakadina ndi chala, za chaka chomwe ndinamanga, za thumbo lomwe linafa. Ndinawapempha kuti amutengere Linda ku chipatala akamuone pa mchombo. Amayi anasiya chitenje chili lendee m'manja.

"Ndiye ukuti ine ndikanakupha, mwana wanga?"

Ndinabwereza mawu a dokotala kangapo, kuti si chitenje, wolakwa ndine amene ndinabisa. Anangoti amva. Linda anapitadi ku chipatala ndipo sanamupeze ndi vuto lililonse. Koma kuyambira tsiku limenelo amayi ndikawaimbira amandiyankha mwachidule, amafunsa za ana n'kupereka foni kwa wina, ndipo Linda akuti sanamumangenso, ati manja awo sakuwakhulupirira. Chitenje chawo chobiriwira chili m'kabati mwanga, chodulidwa pakati, ndipo zimenezo sindinawauzebe. Chaka chathunthu ndinakhala chete n'kutsala pang'ono kusiya ana anga amasiye. Tsiku limodzi ndinalankhula, ndawapweteka amayi ondibereka. Inu amene mwawerenga mpaka pano, tandiuzeni, kodi powauza ndinachita bwino?