Phunziro la mawu achinyengo ku Wovwe

Chaka chimene ananditumiza ku Wovwe kukaphunzitsa Chingerezi, kumsika kunabwera mayi wina wachilendo n'kuchita lendi nyumba. Ankati amapezera atsikana ntchito m'mahotela a ku Tanzania. Ankayenda ndi mtsikana wa m'mudzi momwemo amene anali atapita kale kumeneko, ndipo anabwerako ndi foni yatsopano ndi tsitsi loluka bwino.

Inali nyengo yokolola mpunga, ana ambiri ankajomba. Tsiku lina ndinkaphunzitsa Fomu 2 mawu okhudza chinyengo. Liwu loti bait analimva msanga, poti nyambo aliyense amaidziwa. Loti decoy linavuta. Ndinawauza kuti ndi chinthu kapena munthu amene amamuika patsogolo kuti ena aone ngati palibe choopsa, ayandikire.

Anzake atatuluka, mtsikana wina wofatsa anatsalira.

"Madamu, munthu ameneyo amakhala akudziwa kuti akumugwiritsa ntchito?"

"Nthawi zina amadziwa. Wafunsiranji?"

Anandiuza kuti wa foni uja ndi msuweni wake. Chibwerereni sanagonepo kwawo. Akafika pakhomo, mayi uja amakhala pambali pake, ndipo akamufunsa za ntchito amayamba wayang'ana mayiyo asanayankhe.

"Adada avomera kuti nanenso ndipite," anatero.

Madzulo ndinapita kwawo. Bambo ake ndinawapeza akuola mpunga umene anayanika pa lona. Ndinawafotokozera nkhawa yanga pa za ulendowo. Anandimvetsera mwaulemu, kenako anatembenukira akazi awo n'kuyamba kukambirana m'Chitumbuka. Sindinatolepo kanthu. Ndinangoona mayiwo atasiya kupeta.

"Yewo, aphunzitsi," anatero bambowo pomaliza. "Mwanayu ayambe wadikira."

M'mawa mwake ine ndi ahedi tinakanena kupolisi. Pamene apolisi ankafika kumsika, nyumba ija inali pululu, chitseko chili chotsegula. Woyendetsa kabaza wina anati anawasiya pamsewu waukulu kusanache: mayi uja, msuweni uja ndi atsikana ena awiri a pasukulu pathu.

Wophunzira wanga anatsala, ndipo anamaliza sukulu. Awiri aja maina awo ndinkawaitanabe m'kalasi mpaka teremu inatha. Mmodzi anaimbirapo amayi ake pa nambala yachilendo. Anangoti ali bwino, asamufunefune. Amayiwo anandiuza kuti chapafupi pankamveka munthu wina akupuma, kenako foni inaduka. Mpaka pamene ndinkasamuka ku Wovwe, nambalayo sinkapezekanso.