Bulangeti la ku Nsungwi

Mkazi wanga anamwalira asanamalize kusoka chofunda cha mwana wathu. Pamwamba pake anali atathana napo: zigamba za makona anayi zolumikizidwa mizeremizere, zochokera m'zidutswa zimene telala wina wa pakhonde la golosale ku Nsungwi ankamusungira m'jumbo. Munali zotsala za mayunifolomu a sukulu, za madiresi a maukwati a anthu osawadziwa, ndi kachidutswa ka malaya anga amene anapsa ndi simbi. Chinkangosowa nsalu yapansi. Ankati aiganizira akachira.

Tinkakhala ku Area 25, m'nyumba ya lendi yopanda siling'i, pabwalo limodzi ndi mabanja ena. Ine ndinkagwira ntchito ya mu ofesi ku Kanengo. Mwana wathu, wamkazi, anali ndi zaka zitatu.

Maliro tinakaika kwawo ku Dedza. Patapita masabata angapo, apongozi anga, mayi ake a malemu, anabwera kudzagawa zovala. Anabwera ndi mlamu wanga, mng'ono wake wa mkazi wanga, amene ankakhala ku Kawale. Ndinawatulutsira masutikesi, ine n'kukakhala panja. Sindinapemphe kanthu. Chimene ndinkaopa kutaya sichinali mu sutikesi. Kwawo kwa mkazi wanga mwana ndi wa kuchikazi, ndipo kumaliro akuluakulu anangoti za mwana tidzakambirana.

Tsiku limenelo sanakambe. Ndinangomva apongozi m'nyumbamo akuuza mlamu wanga kuti, "Ichi sichigawidwa, n'cha mwana. Ndimaliza ine ndisanabwerere kumudzi." Anachipinda n'kupita nacho ku Kawale. Ine ndinamva kuti chofunda chikatha, chidzakwera basi ya ku Dedza pamodzi ndi mwini wake.

Wina angafunse chifukwa chake sindinangowafunsa. Mkamwini sacheza ndi apongozi ake maso ndi maso. Chiyambire ukwati wathu tinkapatsana moni nkhope zitayang'ana kumbali, ndipo nkhani zonse zinkadzera mwa mkazi wanga. Iye atapita, njirayo inatsekeka. Komanso ndinkaopa kuti kufunsa kufulumizitsa yankho. Ndinayesa kudzera mwa mlamu wanga.

"Alamu, mukufuna andimeze wamoyo?" anatero. "Amayi akafuna kunena, anena okha."

Lachisanu lina mlamuyo anandiimbira ku ntchito, ali pa telefoni yolipira ya m'mbali mwa msewu. Anati Amayi akufuna nsalu yapansi, ndigule ndibwere nayo mawa, ndipo nditenge mwana.

M'mawa mwake ndinapita pa kaunjika ku Nsungwi. Panali nsalu zopyapyala zoyala pabedi, makatani akale, ndi mulu wa mabulangeti. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Ndinkaganizira Juni wa ku Dedza, nkhungu ya m'mawa, mphepo yochokera kuphiri, ndi mwana wanga atagona pa mphasa. Ngati sindikanatha kumuletsa kupita, ndinafuna kuti asakazizidwe. Ndinasankha bulangeti lokhuthala kuposa onse, lotuwa, lolemera ngati thumba la chimanga.

"Mwadziwa kusankha, bwana," anatero wogulitsa. "Ili ngakhale chisanu chimalipatsa ulemu."

Tinakwera minibasi yopita m'tauni, kenaka ina ya ku Kawale, mwana pamwendo, bulangeti pansi pa mpando. Njira yonse ankandisonyeza magalimoto, ine n'kumangovomera.

Tinapeza apongozi atakhala pa mkeka pakhonde, chofunda chili pamiyendo. Ndinagwada chapatali n'kupereka moni. Mlamu wanga anamasula mtolo uja, ndipo atangoona zamkati anaseka mpaka kugwira khoma.

"Alamu! Mwagulira mwana kapena mlonda wa ku Kanengo?"

Apongozi sanaseke. Analigwira, kulifinya, kulinyamula ndi dzanja limodzi. Kenaka anayang'ana mlamu wanga.

"Tawafunsa abambo akewa ngati nyumba yawo ija aiika siling'i."

"Ayi, sanaike," ndinayankha ndikuyang'ana pansi.

"Ndiye malata aja akayamba kutentha mu Okutobala, mwana adzapsa nalo ili. Nanga akakodzera adzachapa ndani? Iwowa? Nthawi ya mvula lidzauma liti, chingwe choyanikapo chili chimodzi pa mabanja onse aja?"

Sindinamvetse msanga. Ndinati, "Ndimaganizira chisanu cha ku Dedza."

Mlamu wanga anasiya kuseka. Apongozi anaika bulangeti pambali, ndipo kwa nthawi yoyamba chidziwirane anandiyang'ana kumaso n'kulankhula nane mwachindunji.

"Ku Dedza akatani, bambo? Kumeneko ndagonekako kale wanga. Uyu ali ndi bambo wake. Azibwera pa holide kudzationa, basi."

"Zikomo, Amayi," ndinatero. Ndinapempha kuti ndikasambe m'manja, ndipo ndinapita kuseri kwa nyumba kumene kunali mpopi. Ndinakhalako kanthawi. Palibe amene anandiitana.

Pobwerera ndinapeza apongozi atatulutsa zitenje ziwiri za mkazi wanga pa zimene iwo analandira pogawana, zakale, zofewa chifukwa chochapidwachapidwa. Anati zimenezi zimauma pa dzuwa la m'mawa umodzi, ndipo sizikanda khungu la mwana. Mlamu wanga anazilumikiza pa makina ake opalasa ndi mwendo. Kenaka anaziyala pa mkeka, n'kuika zigamba zija pamwamba. Ine anandipatsa ntchito yogwira makona awiri n'kumakoka kuti nsalu isachite makwinya, pamene apongozi ankalowetsa singano kuyambira pakati kupita m'mphepete.

"Kokani, alamu, si pepala la ku ofesi ili. Simunadye lero?"

Ndinakoka. Ndinazindikira kuti njala inalidi itandigwira, chinthu chimene ndinali nditaiwala kwa masabata ambiri.

Bulangeti lija mlamu wanga anakana kundibwezera. Anati ndi chindapusa cha kuganiza ndekha nkhani ya anthu ambiri. Apongozi anati ndimusiyire, iwo ali ndi lawo kumudzi.

Chofunda sichinathe tsiku limenelo. Kunatsala kupinda m'mphepete, ndipo anati ndidzachitenge Loweruka linalo. Tinatsanzikana dzuwa likupendeka. Apongozi anamupsompsona mwana, anamupatsa mtedza m'kapepala, n'kumupereka m'manja mwanga.

Pafupi ndi kwathu, pamene tinkatsikira minibasi, panali sukulu ya mkaka ya mpanda wa bango. Ndinkadutsapo tsiku lililonse osayang'anako, poopa kulonjeza mwana zinthu zoti sizichitika. Lolemba ndinapempha kuti ndifike mochedwa ku ntchito. Ndinamuveka mwanayo diresi lake lofiira, kumupesa tsitsi mmene ndikanathera, ndipo tinakagogoda pa geti.