Kompyuta Yanga Ndi ya Mitala

Inu a ku Ndirande mumandidziwa. Ndikaima pakhonde n'kuitana mwana, amayankha ndi wa ku Chinseu. Ndiye tandiuzani, zitheka bwanji kuti munthu ngati ine ndiyankhule, wina n'kumati sakundimva?

Zinandichitikira Lachitatu. Mwana wa mlongo wanga, Esinati, ali ku Joni ndipo wapeza banja. Akuchimuna anapempha kuti Loweruka tikambirane za chinkhoswe pa vidiyo, ndipo malume wamkulu ndine. Foni yanga ndi ya mabatani, koma m'nyumba muli kompyuta imene anasiya mwana wanga Yohane popita kukagwira ntchito ku Lilongwe. Tinati tiyeserere.

Esinati anaoneka bwinobwino. Ndinapereka moni. Iye n'kumangoloza khutu, kupukusa mutu. Ndinakweza mawu. Ndinakwezanso, mpaka agalu a aneba anayamba kuuwa.

"Bambo, ku Joni sakumva, koma kumsika amva kale kuti Esinati akukwatiwa," anatero mayi a kunyumba.

Kenako Esinati anaimba foni. "Malume, zikakanika ayankhule ankolo a ku Bangwe, ali ndi foni yabwino." A ku Bangwewo ndi mng'ono wanga, munthu woti akangomupatsa botolo lozizira amavomera chilichonse. Ayankhulire mbumba iyeyo ine ndili moyo? Ayi ndithu.

Sukulu ndinalekezera panjira, koma mawailesi ndadzutsa ambiri. Kompyutayo ndinaiwomba khofi pambali. Ndinaipopa fumbi ndi pampu ya njinga. Kamaikolofoni kake koyankhulirapo ndinakazula n'kukayanika padzuwa monga timachitira mabatire. Zitakanika ndinakagula kena kwa mavenda, wogulitsayo akulumbira kuti n'koorijino. Zii!

Apa m'pamene chidwi chinandigwira. Timaikolofoni tiwiri tingafe tsiku limodzi ngati nkhuku za chitopa? Ndinakatibaya pa laputopu ya aneba athu a Jafali, atelala aja. Tonse tiwiri tinagwira. Ndiye wodwala ndani?

Ndinamuimbira Yohane.

"Adadi, mukumalowa mbali iti?"

"Mbali zake ziti, iwe?"

Ndiye anandiuza. Kompyutayo ili ndi masisitimu awiri, ina ya aliyense, ina anaikamo yekha ya kusukulu. Ukaiyatsa pamabwera mizere iwiri ya chizungu pa sikirini yakuda kuti usankhe. Ine mizereyo ndinkangoidikira kuti idutse, ngati zolengeza za kutchalitchi, ndipo inkandilowetsa yokha ku mzere wapamwamba.

Kunena mwachidule, ndi ya mitala. Nyumba imodzi, ziwiya zomwezo, akazi awiri. Koma aliyense ayenera kuchidziwa chiwiya payekha, ndipo chomudziwitsa ndi kapulogalamu kakang'ono kotchedwa dalaivala. Kwa mkazi wamkulu, wa ku mzere wapamwamba uja, dalaivala wa maikolofoni anali atasokonekera. Kamaikolofoni kanga kanapsa ndi dzuwa kopanda mlandu.

Ndinazimitsa, n'kuyatsanso, n'kudina kamuvi koloza pansi kuti ndilowe ku mzere wachiwiri, n'kumuimbiranso Esinati pa vidiyo. Nditangoti "Esinati!" anakuwa.

"Malume chepetsani, mundiboola khutu!"

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Kenako anawonjezera: "Koma simukuoneka."

Abale inu! Mkazi wamng'ono khutu ali nalo, koma kamera sakuidziwa. Yohane anati zimenezo adzakonza yekha akadzabwera kumapeto a mwezi. Loweruka silikanadikira. Kwa wamkulu nkhope yopanda mawu, kwa wamng'ono mawu opanda nkhope. Inu mukanasankha chiyani? Dziwani kuti suti ndinali nditasititsa kale.

Ndinasankha mawu. Sutiyo ndinavalabe, ndi tayi yemwe, ngakhale ku Joni ankangoona mdima. Ndinawauza akuchimuna kuti chinkhoswe chichitikira kuno ku Ndirande, pamaso pa anthu, osati pa sikirini. Anavomera. Wa ku Bangwe, amene ankaoneka bwino kwambiri pa foni yake ija, anangoti "Eya, achimwene."

Koma chandisowetsa mtendere n'china. Ife chinthu chikangokhala chete timathamangira kuchimenya khofi. Mwana akapanda kuyankha m'kalasi timati ndi mbuli. Mpongozi akakhala duu pamilandu timati alibe nzeru. Alipo amene amayamba wamutengera kwa a Jafali, kukamuyesa pena, kuti aone ngati vuto lili mwa iye kapena mwa omumverawo? Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinawaona nditagula kale maikolofoni yachiwiri.

Zonsezi ndinawafotokozera mayi a kunyumba Lamulungu tikuchokera kutchalitchi, mwatsatanetsatane, kuyambira pakhofi mpaka pasuti. Anandimvetsera njira yonse. Titafika pageti anati:

"Ine zimenezo sizachilendo, bambo. Chilowereni m'nyumba muno ndili ku mzere wapamwamba. Ndimaoneka bwinobwino."

Analowa, n'kundisiya ndi chitseko m'manja.

Ndiye inu odziwa makompyuta, tandithandizani. Mayiwa pakamwa pawo ndi pabwinobwino, kwa anzawo a kumvano amamveka mpaka kumsewu. Dalaivala wosokonekerayo ali mbali iti?