Tsiku Limene Ndinanyamula a Makwinja

Tinanyamuka ku Chulu dzuwa litangotuluka, m'mwezi wa Malichi, fodya atakhwima m'munda. A Makwinja, tenanti wanga wochokera ku Phalombe, anali atagona masiku anayi ndi chifuwa. Ndisaname: masiku atatu oyambawo ndinkangowatumizira panado. Ndinaitana kabaza nditaona kuti masamba ayamba kuola m'chigafa posowa wosoka.

Wa njinga yamoto anati K9,000 mpaka ku boma, poti kunali matope. Tinawaika pakati ngati thumba la feteleza, ine kumbuyo nditawakumbatira. Thupi lawo linali moto weniweni.

Cha m'ma naini tinaima pa kamtsinje kodzaza, kudikira kuti madzi aphwe. Mayi wina wootcha chimanga anatiyang'ana.

"Ndi bambo anu awa?"

"Ayi mayi, ndi tenanti."

"Ha! Mabwana ena akanangowasiya afere m'chisakasa. Mulungu akudalitseni, achimwene."

Anandipatsa chimanga chaulere. A Makwinja anandikoka malaya n'kunong'ona: "Bwana, masamba a m'munsi aja muthyole mawa, angapserere." Manyazi anandigwira, abale, chifukwa inenso mumtima ndinkaganiza za masamba omwewo.

Tinafika kuchipatala masana. Namwino anatenga cholembera.

"Dzina lawo loyamba?"

Zaka zisanu ndi zitatu munthu akundisokera fodya, ine osadziwa dzina lake! Eni akewo anali atasiya kuyankhula. Anamwalira cha m'ma folo, dzanja lawo lili m'dzanja langa.

M'mawa mwake ndinachita hayala kagalimoto ka matola. Pa kamtsinje paja mayi uja anaona bokosi, anagwira pakamwa. Sindinathe kumuyang'ana kumaso.

Abale awo sitinkawadziwa, choncho ndinapempha kuti tiwaike kumanda kwathu, pafupi ndi bambo anga. Maliro akagwa kwathu palibe amene amapita kumunda, ndiye fodya uja anaola ndithu, ndipo sindinamudandaule. Popita ndinkafuna wosoka. Pobwerera panalibenso chimene akanandichitira, koma m'pamene ndinawasamala bwino. Chimenechi chimandiwawa mpaka lero.

Kalipentala atafunsa choti alembe pa mtanda, ndinati alembe "Makwinja", koma asiye malo kutsogolo. Ndafunsa matenanti onse a ku Phalombe amene ndawapeza. Malo aja akadali opanda kanthu.