Zala za Mabulosi

Tadala, mwana wanga amene akuphunzira ntchito ya mu labu, wabwera zala zili psuu.

"Amayi, tikuyesa madzi a mabulosi popaka maselo kuti azioneka pa maikulosikopu. Mankhwala ogula aja amaipitsa madzi tikawataya."

Kafungo kowawasa ka zala zakezo kandibwezera ku Likoswe, kumene ndinakulira. Panjira ya kusukulu panali mtengo wa mabulosi, ndipo tinkalowa m'kalasi milomo ndi zala zitafiira. Tsiku lina aphunzitsi a sayansi, a Makwinja, anandiimika kutsogolo n'kukweza dzanja langa ndi rula, kunyansidwa kundikhudza.

"Taonani nyani uyu! Uve umenewu umalowa m'magazi. Adokotala akadzauona adzakuthamangitsa."

Ndinakhulupirira. Ndinakhula zala ndi mwala mpaka kusupuka. Malungo atandigwira, ndinakabisala m'munda wa nandolo ndikunjenjemera, kuopa kuti kuchipatala akapeza mabulosi m'magazi mwanga. Amayi anga anandipeza nditakomoka, nandibereka mpaka kuchipatala cha mishoni.

Mphunzitsi uja anakalamba anthu akumuvulira chipewa. Ine ulemu ndinamulanda kalekale. Munthu wonyansidwa ndi chipatso, wonyansidwanso ndi ana, ankaphunzitsa sayansi yanji?