Tsitsi Silidziwa za Kumphasa

Tsitsi langa linayamba kuthothoka mwana wanga woyamba ali ndi miyezi inayi. Nthawiyo n'kuti ndikuphunzitsa pasukulu ina yapulayimale kwa Mwambo, kufupi ndi msewu wotsikira kunyanja ya Chilwa. M'mawa wina ndikupesa kuseri kwa nyumba, chipeso chinatuluka chodzaza ngati ndapesa bulangete. Mawa lake chimodzimodzi. Pomatha masabata awiri, m'mbali mwa mphumi munali mutayera uku ndi uku, malo aakulu ngati chikhatho cha mwana.

Ndinene chilungamo, poti ndicho chandikhazika pansi kuti ndilembe. Za kukongola sizinandidetse nkhawa kwenikweni. Ndinkaopa kuti mutu wanga ukuulula zimene ine ndi amuna anga tinachita.

Kwathu mwana akabadwa, bambo ndi mayi ake amagona mosiyana mpaka akuluakulu atabwera kudzachita mwambo wotenga mwana, umene ena amati kulowetsa mwana kumphasa. Mukafulumira, amati mwamusempha mwanayo: amatupa mapazi, amawonda, tsitsi limayoyoka. Ndili mtsikana ndinamvanso amayi ena akunong'onezana kuti nthawi zina zimayambira pa mayi. Amayi anga anali atamwalira, choncho mwambowo anayenera kuutsogolera ndi apongozi anga. Iwo anali kwa Kuntumanji, otanganidwa ndi mpunga wawo, ndipo ankangotumiza uthenga kuti abwera akakolola. Amuna anga ankagwira ntchito yaukalaliki m'tauni ya Zomba, Loweruka lililonse ankabwera panjinga. Sitinadikire. Tinauzana kuti ndife anthu ophunzira, satifiketi yanga yakukoleji ili pakhoma apo, za tsempho n'zachikale. Ndinkakhulupiriradi zimenezo mpaka tsiku la chipeso lija.

Kuyambira pamenepo, ndikamusambitsa mwana ndinkadina phazi lake ndi chala kuti ndione ngati patsale dzenje. Ndinkadina m'mawa, ndinkadina pobwera kusukulu, mpaka mwana anayamba kuona ngati ndi masewera, n'kumaseka. Tsitsi lothothokalo ndinkalikulunga m'pepala n'kukaliponya m'chimbudzi. Duku sinkachoka kumutu. Amuna anga ndinawauza kuti ndikumva mutu. Sindinafune kuti nawonso ayambe kudina mapazi a mwana.

Kenako uthenga unafika wakuti apongozi abwera pakatha masabata awiri, ndipo adzakhala nafe sabata yathunthu. Nyumba yathu ya aphunzitsi inali ya zipinda ziwiri. Munthu sungabise mutu sabata yonse kwa mayi amene amaona ngakhale mbale imene yatsukidwa mwaulesi.

Loweruka ndinabereka mwana, ndinakwera matola kupita kumsika wa m'tauni. Pachipata anyamata a chipani anaona khadi langa lachipani, ndinalowa. Poyamba ndinaganiza za wigi. Inalipo imodzi musitolo ya Mmwenye, ataiveka kamtengo, koma ndinakumbukira mphunzitsi mnzathu amene wigi yake inagwa pagulu tikuyeserera magule a msonkhano, anthu n'kuiseka nkhaniyo chaka chonse. Ndinapitirira. Kumapeto kwa msika kunali amayi ena amene ankapita kunja kukaoda katundu, ndipo anali ndi tsitsi logula lija timati meshi, limene masiku amenewo linali litangoyamba kuoneka. Linali lonyezimira, lakuda kuposa tsitsi la munthu aliyense amene ndinamuonapo. Ndinasankha lalitali kwambiri ndi lochindikala, mapaketi awiri, poganiza kuti lochuluka ndilo libise zambiri.

Wondiluka ndinamusankhanso mwamantha omwewo. Amayi a kutchalitchi kwathu analipo odziwa kuluka, koma pakamwa pawo sipankatsekeka. Kufupi ndi doko kunali mayi wina wachisilamu amene ankawamba matemba m'mawa, masana n'kumaluka atsikana pakhonde pake. Ndinati uyu nkhani yake singakafike kubwalo la tchalitchi. Ndinapita Lamulungu masana, meshi ili m'thumba.

Titapatsana moni ndinavula duku. Sanadabwe. Anayendetsa zala m'mutu mwanga pang'onopang'ono, anakoka katsitsi kamodzi, kanatuluka kosavuta. Kenako ananyamula meshi ija, anaiyeza kulemera m'manja.

“Aphunzitsi,” anatero, “mukufuna kumangirira ng'ombe pachiputu cha mpunga?”

Anandifotokozera kuti meshi imafuna mizu yolimba, ndipo akandiika imeneyo, ikamadzachoka idzatenga ndi lotsalali. Anaiika pamwamba pa kabati yake, anati andisungira. M'dengu anatulutsa wulu wakuda, wolukira majuzi uja. Anati uyu ndi wopepuka, sawala, ndipo munthu akaima patali sadziwa pamene tsitsi lathera ndi pamene wulu wayambira. Ine mtima unawawa, chifukwa wulu ankaluka ana asukulu, koma ndinakhala pamphasa, mutu pakati pa mawondo ake, mwana ali pamiyendo panga akuyamwa.

Amene analukidwapo akudziwa kuti munthu ukakhala chonchija umayang'ana pansi, nkhope ya wokulukayo suiona. Mawu amatuluka mosavuta. Anafunsa kuti mwana ali ndi miyezi ingati. Ndinayankha. Anati eya, ndiye nthawi yake. Ndinafunsa kuti nthawi ya chiyani, ndipo asanayankhe ndinapezeka ndanena zonse: za apongozi ndi mpunga wawo, za Loweruka lija, za kudina mapazi. Misozi inkagwera pamutu pa mwana.

Zala zake sizinaime. Anamaliza mzere umene anali nawo, ananditembenuza mutu ndi chikhatho.

“Mitu ya amayi oyamwitsa ndaigwira yambiri pakhonde pano,” anatero. “Ena anadikira mpaka mwana kumera mano, ena sanadikire ndi mwezi womwe, ndipo onse amandiuza, poti akakhala pamene mwakhalapo amayankhula. Onsewo limathothoka. Tsitsi silidziwa za kumphasa, aphunzitsi.”

Anaweramira pa mwana, anamutsina ntchafu, anati mwana wotsemphedwa sakhala ndi ntchafu zonona ngati mlamba wa m'dambo. Anawonjeza kuti ngati mtima sukukhazikika ndipite naye kusikelo, poti anthu a satifiketi timakhulupirira zolembedwa papepala. Ndinaseka mphuno zikutuluka mamina.

Anandiluka mizere yopita kumbuyo, yosakoka. Pofika m'mbali moyera muja, anatenga timizere tiwiri tochokera pamwamba n'kutigoneka mopingasa, timichira take n'kutilowetsa kuseri kwa makutu. Pagalasi lake losweka ngodya ndinaona mkazi wooneka bwinobwino, wongonunkha utsi wa matemba pang'ono. Malangizo anandipatsa ndikumanga mwana kumsana. Madzi a pachitsime chathu ndi amchere, amadula tsitsi, ndizitsuka ndi a mumtsinje. Wulu amasunga madzi, ndikatsuka ndizikhala padzuwa mpaka aumiretu, apo ayi ndidzanunkha ngati thumba lonyowa. Mafuta a nsatsi ndizipaka ndi nsonga ya chala m'mizere, osati pawulu. Pophika ndizimanga duku, chifukwa wulu ndi moto sagwirizana. Ndipo pakatha milungu itatu ndibwere adzamasule, ndisachite umbombo wofuna kukhala nazo miyezi.

Kusikelo ndinapitadi. Anamupachika mwana pasikelo, anadinda kadontho pakhadi lake, mzere unali wokwera. Ndinasiya kudina mapazi. Koma apongozi anali akubwerabe, ndipo iwo sankawerenga makhadi.

Anafika Lachitatu, thumba la mpunga watsopano lili pakaliyala ya njinga yaganyu, iwo akuyenda pambuyo pake kuti wanjingayo asalinyowetse powoloka. Anali mayi wamfupi, wachangu, woyankhula akugwira ntchito. Anayang'ana nyumba, anayang'ana mwana, anayang'ana ine, anati ndaluka bwino. Masiku awiri anadutsa. Ndinkadzuka msanga kukonza timizere tam'mbali tija iwo asanatuluke.

Lachisanu masana apongozi anali atakhala pakhonde akupeta mpunga. Anandiitana kuti ndiwapatse mwana. Ndinagwada, ndikumupereka, ndipo mwanayo, amene anali atangophunzira kugwira zinthu, anakola kamzere ka kumanzere n'kukana kusiya. Ndinayesa kumasula tizala take. Kamzere kanatuluka kuseri kwa khutu, kanasomphoka pamene kanagwirira tsitsi lochepa lija, kanatsala m'manja mwake. Anayamba kukalowetsa m'kamwa.

Ndinakhala chogwada, malo oyera aja ali poyera. Apongozi anachotsa wulu m'kamwa mwa mwana, anauyang'ana, anandigwira chibwano n'kunditembenuzira kudzuwa.

“Mbali inayo nayonso?”

“Eya, amayi.”

“Watengera bambo ake ameneyu,” anatero akumugwedeza mwanayo. “Amene uja anandimaliza ine mutu wonse, ndinatsala ngati dzungu. Wakudya kwambiri. Bwanji osandiuza, ndikanabwera ndi nsatsi zakwathu.”

Anandibwezera wulu uja, anapitiriza kupeta. Ine ndinalowa m'nyumba, ndinakhala pamphasa kanthawi ndithu.

Loweruka amuna anga atabwera, apongozi anaitana amayi awiri achikulire a m'mudzi woyandikana ndi sukulu. Anatikhazika pansi, anatilangiza mwatsatanetsatane zoyenera kuchita potenga mwana, ngati tikumva koyamba. Ife tinayang'ana pansi, tikuomba m'manja mwaulemu pamene pafunika. Amuna anga thukuta linali kamukamu, ngakhale kunali kozizira.

Tsiku lobwerera ndinawaperekeza mpaka pamsewu, nditawanyamulira phukusi la matemba. Tikudikira galimoto anayankhula za mitengo ya mpunga, za mbalame zimene zinawavutitsa kumunda. Galimoto itaonekera patali, anakonza chitenje chawo, osandiyang'ana.

“Mpunga unandichedwetsa chaka chino,” anatero. “Kwa wachiwiri ndidzabwera msanga. Achinyamata si miyala.”

Mpaka lero sindidziwa kuti ankadziwa zochuluka bwanji, ndipo sindinawafunse.

Pakhonde la mayi wa matemba ndinabwererako kangapo. Ankamasula, ndinkapumitsa mutu masiku angapo, ankalukanso ndi wulu watsopano. Mwana atayamba kukwawa, tsiku lina akumasula anatenga chala changa n'kuchiyendetsa m'mbali mwa mphumi. Munali timatsitsi tofewa, tothinana, ngati mbande za mpunga panazale. Anati za meshi tidikire kaye, mbande sapondapo.

Meshi ija anaitsitsa pakabati mwana akuyenda. Inali itamwa utsi wa matemba wa miyezi yonseyo, moti tinaichapa kawiri ndi sopo n'kuiyanika pachingwe. Anangogwiritsa ntchito paketi imodzi, yodula pakati. Inayo anati ndiisunge, ndipo ndisadzadabwe chipeso chikadzadzazanso kwa wachiwiri.